Kodi Majeremani anagonja ndi asilikali a ku Russia kapena ndi chisanu?

Wafomu4: Madala onse a pa gulu lino, ndithandizeniko. Kusukulu tafika pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndiye m'manotsi mwangolembedwa kamzere kamodzi kakuti Hitler anathira nkhondo dziko la Russia mu 1941 koma anagonja chifukwa cha kuzizira. Ine sizikundilowa. Zoona m'dziko lonse la Germany, ndi maphunziro awo aja, munalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti ku Moscow kumagwa chisanu? Komanso, kodi aka kanali koyamba kuti anthu amenewa amenyane?

Tsabola Wakale: Mphwanga, manotsiwo sakunama. Ku Russia sikupitidwa ndi mfuti. Napoleon anapita, chisanu chinamukhaulitsa. Hitler anapita, chisanu chinamukhaulitsa. Iwe lemba zomwezo ukhoze mayeso, zambirizi zingokupweteketsa mutu.

Aphunzitsi Opuma: A Tsabola, musamusokeretse mwanayu. Funso lake ndi labwino kuposa yankho lanu.

Mwana wanga, sikanali koyamba. Ena amayambira kutali, mu 1242, pamene Alexander Nevsky wa ku Novgorod anagonjetsa asilikali achijeremani okwera pa akavalo pa nyanja ya Peipus madzi ataundana. Imeneyo inali nkhondo yaing'ono, ya anthu masauzande ochepa, inangotchuka chifukwa boma la Stalin, wolamulira Soviet Union, linkaikokomeza pofuna kulimbitsa anthu mtima. Yaikulu yoyamba ndi ya 1756 mpaka 1763, nthawi imene dziko limodzi lotchedwa Germany kunalibe, kunali ufumu wa Prussia wa mfumu Frederick. Ku Kunersdorf mu Ogasiti 1759, asilikali a ku Russia mothandizana ndi a ku Austria anamuphwasulira gulu lake lankhondo, mwiniwakeyo anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Mu 1760 analowa mu Berlin momwe, nakhalamo masiku angapo. Chimene chinamupulumutsa Frederick ndi maliro. Mfumukazi Elizabeth ya ku Russia inamwalira mu Januwale 1762, ndipo amene analowa ufumu, Peter wachitatu, ankamugomera Frederick koopsa. Anathetsa nkhondo n'kumubwezera malo onse amene analandidwa, ulele.

Kuchokera apo padadutsa zaka pafupifupi 150 awiriwa akugwirizana nthawi zambiri. Anagawana dziko la Poland, anathandizana kugonjetsa Napoleon ku Leipzig mu 1813, mabanja achifumu ankakwatirana. Mfumukazi Catherine ya ku Russia yotchuka ija inali Mjeremani pobadwa. Bismarck, mkulu wa boma la Germany, ankasamala kwambiri kuti asadane ndi Russia, podziwa kuti Germany ili pakati, uku France uku Russia. Atachoka pa mpando mu 1890, pangano lake ndi Russia analisiya kuti life, ndipo pofika mu 1894 Russia inali itagwirana manja ndi France.

Sajeni Wakale: Aphunzitsi, pa 1914 pandisiyireni ine. Majeremani anatumiza pafupifupi mphamvu zawo zonse kumadzulo kuti athane ndi France mwachangu, poganiza kuti Russia itenga nthawi kusonkhanitsa asilikali m'dziko lalikulu chonchija. Koma Russia inafulumira. Mu Ogasiti momwemo magulu awiri ankhondo analowa ku East Prussia, chigawo chakum'mawa cha Germany, la Rennenkampf kuchokera kum'mawa, la Samsonov kuchokera kumwera, pakati pawo pali nyanja za Masuria zowalekanitsa. Mkulu wa Majeremani kumeneko, Prittwitz, anachita nthumanzi n'kufuna kubwerera m'mbuyo. Anamuchotsa n'kuika Hindenburg, mdala amene anali atapuma kale pa ntchito, pamodzi ndi Ludendorff.

Samsonov anagonjetsedwa ndi wailesi komanso njanji. Akuluakulu a ku Russia ankatumizirana malamulo pa wailesi osabisa mawu, Majeremani n'kumangomvetsera kuti mawa uyu akagona kuti, uyo alowera kuti. Atadziwa kuti Rennenkampf akuyenda mwachidodo, anangomusiyira asilikali ochepa a pa akavalo oti azimuphimba m'maso, ena onse anawatembenuzira kumwera, gulu lina lathunthu pa sitima. Kuyambira pa 26 mpaka pa 30 Ogasiti anamuzinga Samsonov m'nkhalango. Pafupifupi 92,000 anagwidwa ukaidi, iye anakadziwombera yekha. Imeneyo ndiye Tannenberg. Komabe Russia sinafere chabe, chifukwa mantha a kum'mawawa anachititsa Majeremani kuchotsa asilikali ena ku France nthawi yolakwika, ndipo masabata ochepa pambuyo pake anaimitsidwa pa mtsinje wa Marne.

Nyakaronga: Mwezi wotsatirawo, Seputembala 1914, Majeremani omwewo ankawombana ndi asilikali a KAR (King's African Rifles) kwathu ku Karonga, atachokera ku Tanganyika. Manda a nkhondo imeneyo alipo mpaka lero. Pitirizani, ndikutsatira.

Aphunzitsi Opuma: Zikomo mayi. Tsono a Tsabola, tcherani khutu, chifukwa apa mpamene pagona nkhani. Nkhondo imeneyo kum'mawa inadutsa nyengo zozizira zinayi, ndipo amene anagonja ndi Russia. Mu Meyi 1915 Mackensen wa ku Germany anaboola mzere ku Gorlice ndi mizinga yambirimbiri, asilikali a ku Russia akusowa zipolopolo, ena alibe ndi mfuti yomwe, akudikira mnzawo agwe kuti atole yake. Pofika mu Ogasiti, Warsaw inali m'manja mwa Majeremani. Brusilov wa ku Russia anayesetsa mu 1916 ndipo anawavulaza kwambiri a ku Austria, koma nayenso anataya anthu osawerengeka. Kenako zinthu zinaphulikira kumudzi. Mu Malichi 1917 amayi a mu Petrograd, likulu la Russia nthawi imeneyo, atatopa ndi mizere ya buledi, anayamba zionetsero. Asilikali a mumzindamo anagalukira akuluakulu awo n'kugwirizana ndi anthu, mfumu Nicholas inatula pansi udindo. Majeremani anamulola Lenin, mtsogoleri wa gulu loukira boma la Russia, kudutsa m'dziko mwawo pa sitima kuchokera ku Switzerland, akudziwa kuti akakafika akasokoneza. Anakasokonezadi. Asilikali ambiri anali ana a alimi, ndipo atamva kuti kumudzi akugawana minda ya anthu olemera, ankangotaya mfuti n'kuuyatsa wa kwawo.

Lenin analanda boma, ndipo boma lakelo litazengereza kusaina za mtendere, Majeremani anayambanso kuyenda pa 18 Febuluwale 1918. Febuluwale, a Tsabola, pakati pa chisanu penipeni! M'masabata awiri anatenga Minsk ndi Kiev, malo ambiri akungolowa pa sitima popanda wowaletsa. Pa 3 Malichi ku Brest-Litovsk, Russia inavomera kutaya Poland, Ukraine, Finland ndi mayiko a m'mbali mwa nyanja ya Baltic. Chisanu chanucho chinali kuti chaka chimenecho?

Tsabola Wakale: Kkkkk aphunzitsi mwandigwira pakhosi. Koma ngati anapambana chonchi, bwanji timamva kuti Germany inaluza nkhondo yoyamba?

Aphunzitsi Opuma: Anapambana kum'mawa mu Malichi, anagonja kumadzulo mu Novembala, dziko la America litalowerera ndi asilikali atsopano. Mapanga awiri avumbwitsa. Pangano la Brest-Litovsk linafafanizidwa. Koma m'mitu ya akuluakulu a asilikali a ku Germany munatsala chikhulupiriro chakuti Russia ukangoimenya mwamphamvu imagwa yokha kuchokera m'kati. Ambiri mwa amene anakonza nkhondo ya 1941 anali maofesala achinyamata pa nkhondo yoyamba ija, anaziona ndi maso. Ine ndimati chimene chinawapweteka mu 1941 ndi chipambano cha mu 1918.

Wafomu4: Aphunzitsi, nanga pangano la Hitler ndi Stalin lija? Limandizunguza. Adani angasaine bwanji kuti tisamenyane?

Sajeni Wakale: Mwana wanga, ubale wawo unayamba Hitler asanalowe m'boma. Nkhondo yoyamba itatha, onse awiri anali osalidwa ku Ulaya, ndiye mu 1922 ku Rapallo anagwirizana. Germany inaletsedwa kukhala ndi akasinja ndi ndege zankhondo, choncho inkakaphunzitsira anthu ake mobisa ku Russia komweko, oyendetsa ndege ku Lipetsk, a akasinja pafupi ndi Kazan. Pangano ukunenalo ndi la pa 23 Ogasiti 1939, osaina anali Molotov ndi Ribbentrop, nduna zawo zoona za ubale ndi mayiko ena, ndipo linali ndi gawo lachinsinsi logawana mayiko a pakati pawo. Germany inalowa mu Poland pa 1 Seputembala, Stalin analowa pa 17. Hitler ankafuna msana wake ukhale wotetezeka pomenya France, Stalin ankafuna nthawi ndi malo. Mpaka mu Juni 1941 sitima zodzaza tirigu ndi mafuta zinkachoka ku Russia kupita ku Germany. Azondi anamuchenjeza Stalin kambirimbiri, iye n'kumati ndi mabodza a Angerezi.

Ndipo asilikali ake ankaonekadi ofooka. Mu 1937 ndi 1938 Stalin anapha ndi kumanga maofesala masauzande, kuphatikizapo mkulu wa asilikali Tukhachevsky. Pa akuluakulu 5 a udindo wapamwamba kwambiri, atatu anaphedwa. Kenako kadziko kakang'ono ka Finland kanawachititsa manyazi mu 1939. Ku Berlin ankaona zonsezi.

Watraki: Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma za katundu ndi misewu ndiye zanga, ndipo nkhani ya 1941 ndimaiwerenga ndikamadikira pa boda. Pa 22 Juni 1941 analowa ndi asilikali oposa 3 miliyoni ndi akasinja oposa 3,000, kuyambira ku nyanja ya Baltic mpaka ku Black Sea. Pa zithunzi mumangoona akasinjawo. Chimene sakuonetsani ndi akavalo oposa 600,000 amene ankakoka mizinga ndi chakudya. Asilikali ambiri ankayenda wapansi, akasinja ali kutsogolo kutali. Kavalo amadya, ndiye chakudya chake chimalimbirana malo ndi zipolopolo.

Njanji ndiye inali mutu wina. Ya ku Germany ndi yotakata mamilimita 1,435, ya ku Russia inali 1,524. Sitima yawo sikanatha kuyendapo, ndipo eni dziko pothawa ankatenga kapena kuwononga mainjini awo. Majeremani ankachita kuzula ndi kukhomanso njanjiyo kilomita ndi kilomita. Malole awo anali a mitundu yambirimbiri, ena olanda ku France, ndiye tangoganizani makaniko akufuna sipeya pakati pa tchire. Kuchoka pa malire kukafika ku Moscow ndi makilomita pafupifupi 1,000, misewu yambiri yafumbi. Mu Okutobala mvula inayamba. Amene munayesapo kudutsa pa dambo ndi lole yodzaza feteleza mu Febuluwale mukudziwa chimene ndikunena, matayala amangozungulira pamodzimodzi. Gulu lonse lankhondo linatitimira. Ndipo a Tsabola, chisanu choyamba cha mu Novembala chinawathandiza Majeremani, chifukwa nthaka inauma n'kuyambanso kuyenda.

Tsabola Wakale: Achimwene a traki, musandiuze kuti sanafe ndi kuzizira. Zithunzi zilipo, anthu atadzikulunga nsanza ndi zovala za amayi.

Watraki: Anafadi, sindikukana. Mu Disembala kunkazizira mpaka madigiri 30 pansi pa ziro, mafuta a mu injini ndi a mfuti kuundana, anthu kuduka zala. Koma dzifunseni chifukwa chake anali atavala zovala za nyengo yotentha. Sitima zofika kutsogolo zinali zochepa, ndiye akuluakulu anasankha kuti zinyamule zipolopolo ndi petulo, majasi adikire. Pulani yonse inali yoti pomafika nyengo yozizira nkhondo ikhale itatha.

Sajeni Wakale: Ndipo poyamba zinkaoneka ngati itherapodi. Ku Minsk anazinga anthu pafupifupi 300,000, ku Smolensk chimodzimodzi, ku Kiev mu Seputembala oposa 600,000, ku Vyazma ndi Bryansk mu Okutobala enanso oposa 600,000. Palibe gulu lankhondo lina m'mbiri limene linamenyedwa chonchi n'kukhalabe chilili. Koma ukazinga gulu ili, kutsogolo ukupeza lina latsopano. Halder, amene anali mkulu wokonza mapulani a asilikali apamtunda, analemba m'buku lake pa 11 Ogasiti 1941 kuti ankayembekezera magulu 200 a adani, koma anali atawerenga kale 360. Onani deti limenelo, Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo. Pofika kumapeto kwa Novembala Majeremani anali atataya anthu oposa 700,000, ophedwa, ovulala ndi osowa, ndipo amene anafika pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pakati pa Moscow anali otheratu. Pa 5 Disembala mkulu wa asilikali a Stalin, Zhukov, ndi anzake anawabweza ndi magulu atsopano, ena ochokera ku Siberia. Kuzizira kunali kwa onse. Kusiyana kwake, wina anakukonzekera.

China chimene anthu sachitchula ndi mafakitale. Nkhondo ili mkati, anamasula mafakitale oposa 1,500, kukweza makina ndi antchito pa sitima, kukawadzala ku mapiri a Ural ndi kupitirira. Mu 1942 ankapanga kale akasinja ambiri kuposa Germany, makamaka T-34.

Nabanda: Abambo inu mwakhala mukuwerenga akasinja ndi njanji, koma funso lalikulu simunaliyankhe. Mu 1917 anthu anatopa n'kutaya mfuti. Bwanji mu 1941 sanatero, pamene anamenyedwa koposa, ndiponso ambiri ankadana ndi Stalin? Ku Ukraine anthu mamiliyoni anali atafa ndi njala mu 1932 ndi 1933 chifukwa cha ndondomeko za boma lake. M'midzi ina Majeremani anawalandira ndi buledi ndi mchere.

Koma Hitler sanabwere kudzagonjetsa boma, anabwera kudzalanda nthaka ndi kuchotsa eni ake. Nkhondo isanayambe anali atakonza kale zoti chakudya cha ku Ukraine chizidyetsa asilikali awo ndi anthu a ku Germany, akudziwa bwino lomwe kuti anthu mamiliyoni ambiri a m'mizinda afa ndi njala. Mwa asilikali pafupifupi 5.7 miliyoni amene anawagwira ukaidi, oposa 3 miliyoni anafera m'manja mwawo, ambiri atangowatsekera mu mpanda wa waya pabwalo, opanda denga, opanda chakudya. Ku Babi Yar, m'mphepete mwa Kiev, anawombera Ayuda 33,771 pa masiku awiri, 29 ndi 30 Seputembala 1941. Ku Belarus anatentha midzi yambirimbiri, ina pamodzi ndi anthu ake, ndipo dzikolo linataya munthu mmodzi mwa anayi alionse.

Leningrad, Petrograd ija itasinthidwa dzina, anaizinga kuyambira pa 8 Seputembala 1941 mpaka pa 27 Januwale 1944, masiku 872, cholinga chili choti anthu afere momwemo. Mu Novembala 1941 mwana kapena munthu wosagwira ntchito ankalandira buledi wa magalamu 125 pa tsiku, wosakaniza ndi zinthu zina zosadyedwa. Ine ntchito yanga ndi ya unamwino, ndikudziwa chimene thupi limachita likamalandira zochepa chonchi kwa miyezi. Anthu wamba osachepera 800,000 anafa. Chakudya chochepa chimene chinkalowa chinkadutsa pa nyanja ya Ladoga itaundana, pa malole. Uthenga wa zonsezi unkafalikira. Msilikali akadziwa kuti kugonja ndi imfa, kwa iye ndi kwa ana ake, sataya mfuti.

Aphunzitsi Opuma: Achemwali, mwalasa. Ndingowonjezera kuti kumbuyo kwake kunalinso chikwapu. Lamulo la Stalin nambala 227, la pa 28 Julayi 1942, linaletsa kubwerera m'mbuyo popanda chilolezo, ndipo linakhazikitsa magulu oima kumbuyo kuti agwire othawa. Boma la mfumu Nicholas linalibe dzanja lolimba chotero.

Wakabaza: Ndiye mwaonatu, Russia siigonja. Za ku Ukraine zikuchitikazi azungu angotaya ndalama zawo.

Admin: Achimwene, za nkhondo ya panopa zili ndi malo ake, tinakambirana kale. Pano tikuthandiza mwana wa sukulu.

Aphunzitsi Opuma: A Admin, ndiloleni ndimuyankhe pa mbali ya mbiri yokha. Choyamba, tangonena kumene kuti mu 1918 inagonja. Chachiwiri, amene anamenyana ndi Hitler ndi Soviet Union, osati Russia yokha. M'gulu lankhondo limenelo munali anthu mamiliyoni a ku Ukraine, a ku Belarus, a ku Kazakhstan, a ku Georgia, a ku Armenia ndi ena. Stalin mwiniwake anali wa ku Georgia. Ndipo nthaka imene inapondedwa kwambiri ndi ya Ukraine ndi Belarus, zimene zinalandidwa zathunthu. Mbali inayonso sanali Majeremani okha. Kunali a ku Romania, Hungary, Italy ndi Finland. Iwe wa Fomu 4, pa mayeso uzilemba Soviet Union.

Wafomu4: Ndamva aphunzitsi. Nanga Stalingrad? Chifukwa chiyani analimbirana mzinda umodzi choncho?

Sajeni Wakale: Mu 1942 Germany inalibenso mphamvu zomenya mzere wonse, ndiye inasankha kumwera, kufuna zitsime za mafuta za ku Caucasus, ku Maykop, Grozny ndi Baku. Stalingrad ili pa mtsinje wa Volga, njira imene mafutawo ankadutsa popita kumpoto. Hitler anagawa asilikali pawiri kuti atenge zonse nthawi imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Gulu la Majeremani lotsogozedwa ndi Paulus linalowa mumzindamo, ndege zitauphwanya kale, ndipo mabwinjawo anasanduka malinga. Chuikov, mkulu wa asilikali oteteza mzindawo, anauza anyamata ake kuti azikhala pafupi kwambiri ndi adani, kuti ndege za Majeremani ziziopa kuphulitsa anzawo. Ankamenyerana nyumba imodzi, chipinda chimodzi, fakitale imodzi kwa masabata.

Pamene Majeremani ankathira asilikali awo abwino m'mabwinjamo, m'mbali mwawo munkalondera a ku Romania, opanda zida zokwanira zolimbana ndi akasinja. Pa 19 Novembala 1942 a Soviet anaboola mbali zimenezo, kumpoto kenako kumwera, n'kukumana ku Kalach pa 23. Anthu oposa 250,000 anatsekeredwa. Göring, mkulu wa ndege zankhondo za Germany, analonjeza kuti aziwadyetsa pa ndege, koma katundu wofika sankakwana ndi theka lomwe la zofunika. Hitler anakana kuti atuluke. Paulus anagonja pa 31 Januwale 1943, otsala pa 2 Febuluwale. Mwa akaidi pafupifupi 91,000, amene anadzaonanso kwawo ndi 6,000 kapena kucheperapo.

Tsabola Wakale: Novembala mpaka Febuluwale. Ndikanena muziti ndimakonda makani.

Sajeni Wakale: Kkkk madala, ndiye tiwerengereni Kursk. Inayamba pa 5 Julayi 1943, kukutentha. Majeremani anachedwa miyezi akudikira akasinja atsopano otchedwa Panther, pamene a Soviet ankadziwa malo amene adzamenyedwe, n'kukumba maenje ndi kutchera mabomba mizere ingapo. Pa 12 Julayi ku Prokhorovka a Soviet anataya akasinja ambiri kuposa Majeremani, zimenezo n'zoona, koma mzere sunabooke, ndipo Hitler anaimitsa zonse atamva kuti Angerezi ndi Amereka atsika ku Sicily. Kuyambira pamenepo Germany sinathenso kuyambitsa nkhondo yaikulu yopita chitsogolo kum'mawa.

Nanga nkhondo imene a Soviet anaitcha Bagration? Inayamba kumapeto kwa Juni 1944, zaka zitatu chilowereni Majeremani. A Soviet anawapusitsa kuti amenya kumwera, n'kumenya ku Belarus, kudutsa m'madambo ndi m'nkhalango. Gulu lonse lapakati la Majeremani linaphwasuka m'masabata ochepa, kugonja koposa kwa ku Stalingrad. Pa 17 Julayi akaidi 57,000 anawayendetsa m'misewu ya Moscow. Kuzinga kumene Majeremani ankachita mu 1941 kunali kutawatembenukira, ndipo kunalibe chisanu ndi kadontho komwe.

Watraki: Pa Bagration pamenepo musaiwale malole a ku America. Pa nkhondo yonse anatumiza magalimoto oposa 400,000, ambiri a Studebaker, kudzera ku Iran, ku Murmansk ndi ku Vladivostok. Anatumizanso mainjini a sitima, mafuta a ndege, nsapato ndi nyama ya m'zitini. Kasinja akhoza kuboola mzere, koma popanda lole yomutsatira ndi mafuta aima pa makilomita ochepa.

Wakabaza: Ndiye mukufuna kunena kuti anapambana ndi Amereka? Mafilimu akupusitsani.

Watraki: Aise, werenga bwino. Katundu wambiri anafika kuyambira mu 1943, Moscow ndi Stalingrad zitapulumuka kale. Sanawapulumutse, anawafulumizitsa.

Aphunzitsi Opuma: Nonse muli ndi mbali. Mwa asilikali anayi alionse a ku Germany amene anafa pa nkhondo yachiwiri, pafupifupi atatu anafera kum'mawa. Soviet Union inataya anthu pafupifupi 27 miliyoni, asilikali oposa 8 miliyoni, otsalawo anthu wamba. Ife kuno tinaphunzira mbiriyi kudzera m'mabuku a Angerezi, ndipo agogo athu a KAR anakamenya ku Ethiopia ndi ku Burma, n'chifukwa chake Normandy, kumene Angerezi ndi Amereka anatsikira ku France, timaidziwa kuposa Bagration, ngakhale zinachitika mwezi umodzi.

Nabanda: Koma tisawasandutse angelo. Atalowa ku East Prussia ndi ku Berlin mu 1945, asilikali a Soviet anagwiririra amayi ndi atsikana ambirimbiri, ndipo akuluakulu awo kwa nthawi yaitali ankangoyang'ana kumbali. Majeremani mamiliyoni anathawa kapena kuthamangitsidwa m'madera amene makolo awo anakhalamo zaka mazana. Mu 1940 apolisi achinsinsi a Stalin anapha maofesala ndi anthu ophunzira a ku Poland pafupifupi 22,000, ku Katyn ndi malo ena, n'kunamizira Majeremani kwa zaka 50. Mu 1941 anasamutsa mokakamiza Majeremani a ku Volga, nzika zake zomwe, kupita nawo ku Siberia ndi Kazakhstan. Mayi wa ku Berlin uja sindiye anawotcha mudzi ku Belarus.

Sajeni Wakale: Zoona mayi. Berlin yomweyo inadya anthu ambiri chifukwa Stalin anapikisanitsa Zhukov ndi Konev kuti aone wofika msanga. Anayamba pa 16 Epulo, Hitler anadzipha pa 30, mzinda unagonja pa 2 Meyi. Kusaina kunachitika usiku wa pa 8 Meyi, ku Moscow deti litafika kale pa 9, n'chifukwa chake iwo amakumbukira pa 9.

Wafomu4: Nanga East Prussia ikutchulidwatchulidwayi ili kuti? Pa mapu a mu kalasi sindikuiona.

Aphunzitsi Opuma: Suiona, inafafanizidwa. Kumwera kwake kunapita ku Poland, kuphatikizapo malo a Tannenberg aja. Kumpoto kunapita ku Soviet Union, ndipo mzinda wake waukulu, Königsberg, unasinthidwa dzina mu 1946 kukhala Kaliningrad. Yang'ana pakati pa Poland ndi Lithuania, upeza kachigawo ka Russia kosalumikizana ndi dziko lonselo. Akaidi omaliza a ku Germany anamasulidwa Adenauer, mtsogoleri wa West Germany, atapita ku Moscow mu 1955, ndipo asilikali a ku Russia anachoka ku Germany mu 1994.

Watraki: Aphunzitsi, Brest-Litovsk ya 1918 ija ndi Brest yomwe ili pa boda ya Poland ndi Belarus?

Aphunzitsi Opuma: Yomweyo. Mu Seputembala 1939 asilikali a Germany otsogozedwa ndi Guderian ndi a Soviet anaguba mumzinda womwewo popatsirana malo atagawana Poland, ndipo mu Juni 1941 linga lake linali m'gulu la malo oyamba kuwomberedwa. Njanji ziwiri munanena zija zimakumana pomwepo mpaka pano. Sitima ya anthu yochokera ku Warsaw ankachita kuikweza pa majeki n'kuisintha mawilo, ndipo katundu amamutsitsa n'kumukweza mu sitima ina.

Watraki: Ndiye ife tikamadandaula za pa Mwanza tizidziwa kuti anzathu amachita kusintha ndi mateyala omwe kkkk. Mzere wayamba kuyenda, ndikupezani madzulo.